Advice kapena advise? Yambani mwafunsa ntchito ya liwulo

Anthu ambiri akamakayikira pakati pa advice ndi advise amafunsa kuti kalembedwe kolondola ndi kati. Konse kuwiri n'kolondola. Funso lothandiza n'lakuti, pamalo pamene mukufuna kuikapo liwulo pakufunika dzina kapena mneni? Advice ndi dzina, malangizo amene munthu walandira. Advise ndi mneni, kulangiza kwenikweniko. N'chifukwa chake timalemba "She gave me advice" koma "She will advise you."

Mpake kuti ife olankhula Chichewa tizisokonezeka pamenepa. Kwa ife dzina ndi mneni zimaonekera patali: langiza, mlangizi, malangizo. Chingerezi chinataya zizindikiro zambiri zoterezi, moti chotsala nthawi zina ndi chilembo chimodzi, mwinanso kamvekedwe chabe.

Gwirani pakhosi ndi zala, munene advice. Kumapeto kukutuluka mpweya wokhawokha, sss. Tsopano nenani advise. Pakhosi pakunjenjemera, zzz. Kusiyana komweku mukupeza pa belief ndi believe, proof ndi prove, breath ndi breathe: dzina limatha ndi mpweya, mneni amatha ndi liwu la pakhosi. Zimenezi sizinangochitika mwangozi. M'Chingerezi chakale, chimene chinkalankhulidwa ku England chisanafike chaka cha 1100, aneni ankathera ndi -an kapena -ian, ndipo f, s ndi th zikakhala pakati pa mavawelo zinkatchulidwa ndi liwu la pakhosi. Dzina lakuti bath linalibe chotsatira, pomwe mneni wake anali bathian. M'kupita kwa zaka mchira uja unathothoka, koma kunjenjemera kwa pakhosi kunatsalira mu bathe. Pa use, house ndi excuse kalembedwe n'kamodzi, khutu lokha ndi limene limasiyanitsa.

Polemba, khutu silikuthandizani kwambiri, choncho yang'anani mawu oyandikana ndi liwulo. Liwu likatsatira my, some kapena good, kawirikawiri ndi dzina. Likatsatira will, must kapena can, ndi mneni. Dziwaninso kuti advice sawerengeka ngati mmene timawerengera mabuku. Palibe "advices", ngakhale malangizowo atachuluka bwanji. Amati "some advice" kapena "a piece of advice".

Practice ndi practise, komanso licence ndi license, amatsata lamulo lomwelo ku Britain, c pa dzina, s pa mneni, ngakhale katchulidwe sikasintha. Ku America amalemba practice ndi license ponseponse. Kompyuta yanu ikakulemberani mzere wofiira pansi pa practise, musafulumire kufufuta, onani kaye ngati yatcheredwa pa Chingerezi cha ku America.

Palinso mawu amene amasintha mtundu malinga ndi pamene mwaika mphamvu potchula. Record, present, object ndi export akakhala maina, mphamvu imagwa koyambirira. Akakhala aneni imasamukira kumapeto. Izi zisatidabwitse, popeza mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timausiyanitsa ndi kukweza kapena kutsitsa mawu basi.

Affect ndi effect ndi amene amagwetsa ngakhale ophunzira kwambiri. Nthawi zambiri affect ndi mneni, kukhudza chinthu, pomwe effect ndi dzina, zotsatira za kukhudzako. Effect amakhalanso mneni m'zolemba za ku ofesi, monga "to effect change", koma apa tanthauzo lake ndi kuchititsa kuti chinthu chichitike. Ngati mukufuna mneni koma simukutanthauza zimenezo, lembani affect.

Kwa ine oopsa koposa ndi mawu othera ndi -ly. Tinaphunzitsidwa kuti ukaika -ly pa mfotokozi umapeza muonjezi, quick n'kukhala quickly, ndipo n'zoona nthawi zambiri. Koma hard ndi muonjezi kale payekha. "He works hard" akutanthauza kuti munthuyo amalimbikira ntchito. "He hardly works" akutanthauza kuti sagwira ntchito kwenikweni, amangokhudzako pang'ono. Tangoganizani bwana wofuna kuyamikira wantchito wake m'kalata yomufunira ntchito ina, n'kulemba hardly poganiza kuti ndiye Chingerezi chapamwamba. Wowerenga kalatayo sadzaona cholakwika chilichonse pa galamala, ndiye sadzakayikira n'komwe. Adzangokhulupirira kuti munthuyo ndi waulesi. Kulakwitsa kotere kumandipweteka kuposa kwa advice ndi advise, chifukwa kuja wowerenga amazindikirabe chimene mumafuna kunena, pomwe kuno amamva zosiyana kotheratu.

Late ndi lately ali m'gulu lomweli. "She came late" ndiye kuti anachedwa, koma lately amanena za masiku aposachedwapa. Near ndi pafupi, nearly ndi kutsala pang'ono. Ndipo friendly, lovely ndi lonely, ngakhale ali ndi -ly, ndi afotokozi, moti simungalembe "She spoke friendly". Muyenera kuzungulira n'kunena kuti "in a friendly way".