Katemera kachiwiri kachitatu, chifukwa chake nchani?

Funso ili timalimva pafupipafupi ku Ulongwe, ku Tsangano mpaka ku Zobue, amayi amati mwana wanga analandira kale madontho aja a poliyo, nanga abwereranso chani? Funso labwino ndithu, ndiye tiyeni tione mmene thupi limakumbukirira matenda.

Mmagazi mwathu muli maselo otchedwa B, amapangidwa mkati mwa mafupa. Kachilombo kakalowa, kapena mwana akalandira katemera, maselowa amakasonkhana mmalo aja amatuluka mwanabele, mkhwapa, mkhosi, mmphechepeche, nkuyamba kuphunzira mdaniyo kwa masabata angapo. Akamaliza amagawana ntchito. Ena amabwerera mmafupa nkumangotulutsa ma antibody, tizida togwira kachilomboko, zaka ndi zaka. Ena amangokhala phee kudikira tsiku lomwe kachilombo kaja kadzabwerenso, amenewa ndi omwe madokotala amati memory B cells, maselo okumbukira.

Koma okumbukirawa sali a mtundu umodzi ayi. Zili ngati alonda a pamsika, wina anaiona mbava maso ndi maso ndipo nkhope yake saiphonya, wina anangoiona chapatali nkugwira kayendedwe kake basi, ndiye tsiku lomwe mbava yabwera itavala chisoti ndi jasi woyamba uja akhoza kuiphonya, wachiwiri uja nkuizindikira. Mthupi nchimodzimodzi. Pali maselo otchedwa IgG omwe anaphunzira nthawi yayitali ndipo amagwira mdani molimba, pali a IgM omwe ambiri amatuluka msanga, kagwiridwe kawo nkofooka koma amatha kuphunziranso kachilombo kakasintha maonekedwe, palinso a IgA olondera mmatumbo ndi mmphuno. Dozi imodzi kawirikawiri siikwanitsa kudzaza magulu onsewa, yachiwiri ndi yachitatu zimadzutsa aja anagona, nkuwachulukitsa ndi kuwanola.

Nchifukwa chake madontho a poliyo amabwerezedwa, amagwirira ntchito mmatumbo ndipo mwana akamatsegula mmimba dontho lina limatha kupita pachabe. Paja mu 2022 poliyo anapezeka ku Lilongwe kenako kuno ku Tete komwe, ku Changara, chipezekereni komaliza mdziko muno la Mozambique mu 1992, mpomwe anthu a katemera anayamba kuyenda khomo ndi khomo maulendo angapo.

Kukumbukira kukakhazikika kumakhalitsa modabwitsa. Mu 2008 ofufuza ku America anapeza nkhalamba zomwe zinadwala chimfine cha 1918 zili ana, zikadali ndi maselo okumbukira chimfine chomwecho patatha zaka pafupifupi 90!

Malungo okha ndi ovuta. Anthu odwala malungo mobwerezabwereza amakhala ndi gulu lina la maselowa lomwe limachita zosiyana ndi anzake, ndipo chitetezo cha malungo chimabwera pang'onopang'ono komanso sichikhala chathunthu, munthu akachoka nkukhalitsa kumalo opanda malungo chimatsika. Ndiye akuluakulu musamati ine ndinakulira momwemu, neti gonanimoni ndithu.

Chomwe ine chimandiopsa kwambiri ndi chikuku. Ena amati mwana angodwala kamodzi athane nacho, koma kachilombo ka chikuku kamalowa mmaselo okumbukira omwewa nkuwapha, mwana amachira chikuku koma thupi laiwala matenda ena omwe linkawadziwa kale, nkumangodwaladwala chibayo, kutsegula mmimba, miyezi yambiri pambuyo pake. Katemera wa chikuku sachita zimenezi. Amaperekedwa mwana akakwana miyezi 9 ndi 18, ndipo wachiwiriyu ndi yemwe amaiwalika chifukwa mwana wayamba kuyenda, kusikelo tasiya kupita, kumunda nako mbatata ikudikira.

Ngati mwana anaphonya dozi musaope kuti anamwino akakukalipirani kapena kuti ayambiranso pachiyambi, sayambiranso, amangopitiriza pomwe anasiyira. Pitani ku chipatala chapafupi kapena funsani a zaumoyo a mmudzi mwanu, aja timati a APE, katemerayu ndi waulere. Inu omwe mumawoloka kupita kwa abale ku Dedza kapena ku Ntcheu nkukhalako miyezi, khadi ya mwana muzinyamula, anamwino a kumeneko akaone pomwe analekezera.