Moto Paphiri, Madzi M'damu: Zomwe Namwino Amaona M'chilimwe

Okutobala akafika, usiku phiri la Zomba limaoneka ndi mizere yofiira ngakhale uli ku Chinamwali kapena ku Matawale. Ife anamwino tikaona zimenezo timakonzekera kulandira anthu opsa. Ambiri sakhala omwe anayatsa motowo. Amakhala mayi wotola nkhuni, kapena mwana amene anatsatira akulu ake kokasaka mbewa.

Masamba ouma a paini amaunjikana pansi ndipo ali ndi utomoni, n'chifukwa chake sachedwa kuyaka. Komanso moto umathamanga kwambiri pokwera phiri kusiyana ndi potsika, popeza malawi amatenthetseratu udzu wakumtunda. Wothawira kumtunda moto uli m'munsi mwake umamupeza asanapite patali. Thawirani chammbali, pamsewu, kapena pa lupsa pomwe papsa kale. Lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo, ndipo chiletsocho chimakhudza wootcha makala ngakhalenso wootcha nyama pokasangalala.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi zomwe zimachitika munthu atapsa kale. Mwana amafika kuchipatala chilonda chitapakidwa mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira, nthawi zina dothi. Makolo amachita zimenezi chifukwa cha chikondi, ndikudziwa, koma zinthuzi zimatsekera kutentha m'thupi ndi kulowetsa tizilombo pachilonda. Ndiye kuti tizichotse, mwanayo amamvanso ululu kachiwiri. Chofunika ndi madzi aukhondo ozizira bwino, osati ayezi, kuthira pamalo opsawo kwa mphindi 20. Vulani mphete ndi zibangili pasanatupe. Chovala chomwe chamatirira pakhungu musachikoke, ndipo matuza musawaboole. Phimbani ndi chitenje chochapa bwino. Ngati papsa pamalo oposa chikhatho cha wopsayo, kapena kumaso, m'manja ndi kumaliseche, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Zovala zikagwira moto musathamange, mphepo imakolezera. Gonani pansi n'kugubuduka.

Kutentha kwa chilimwe ndi kumene kumakokera anthu kumadzi. Damu la Mulunguzi ndi lomwe limamwetsa mzinda wathu, si malo osambira. Ndi lakuya ndipo madzi ake ndi ozizira kwambiri, moti munthu wotuluka thukuta akadumphiramo amabanika n'kukoka madzi asanayambe n'komwe kusambira. Mowa ukaonjezekapo, ngozi imakula. Pa mathithi a Williams miyala imaterera ndi ndere. Mvula yoyamba ya Novembala nayo ili ndi msampha wake: ikhoza kugwa paphiri pokha, kuno kumunsi dzuwa likuswa mtengo, koma mtsinje wa Likangala n'kudzaza mwadzidzidzi ana akusewera pamchenga.

Makolo anzanga, munthu womira sakuwa. Pakamwa pake pamangotuluka ndi kulowa m'madzi, mpweya woitanira thandizo alibe. Mwana akhoza kumira amayi ake akuchapa pafupi pomwepo osamva kanthu. Musasiyire mwana wa zaka 8 udindo woyang'anira mng'ono wake kumtsinje.

Mukaona wina akumira, musalumphiremo ngati simunaphunzire kupulumutsa anthu m'madzi, chifukwa womira amakakamira aliyense n'kumira naye. Mpatsireni nsungwi inu mutagona chafufumimba m'mbali, kapena mponyereni chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. Mukamuvuula, musamuzondotse kapena kumufinya pamimba kuti asanze madzi, mukutaya nthawi. Ngati sakupuma, mgonekeni chagada, muuzireni mpweya m'kamwa ndi kupsinja pakati pachifuwa mobwerezabwereza, wina akufuna galimoto. Ngakhale atatsitsimuka n'kuyamba kuyankhula, pitani naye kuchipatala, chifukwa madzi omwe analowa m'mapapo akhoza kumubanikitsa patapita maola angapo.