Mabala a mowa atatsekedwa, mabala a mumtima anatsala

Pa 20 Marichi 2020 boma la Britain linalamula kuti malo omwera mowa atsekedwe chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo panali nkhawa yaikulu ndi asilikali opuma, pakuti mowa unazika mizu m'moyo wa usilikali m'dzikolo kalekale. Koma ofufuza a ku yunivesite ya King's College London atafunsa asilikali opuma oposa 1,500 m'chaka chomwecho, anapeza kuti omwa mowa moika moyo pachiswe, amene poyamba anali pafupifupi theka, anatsika kufika pa mmodzi mwa anayi alionse, kapena kupitirirapo pang'ono.

Ine chiwerengerochi sichinditonthoza kwenikweni. Amene anachepetsa ayenera kuti anali omwera pagulu, oti anzawo akasowa nalonso ludzu limazilala. Wondidetsa nkhawa ndi uja amamwa kuti apeze tulo, ndipo iyeyu sanasowe kogula, chifukwa masitolo ogulitsa mowa analoledwa kukhala otsegula. M'chaka cha 2020 anthu 8,974 anamwalira m'dziko lonselo ndi matenda obwera mwachindunji chifukwa cha mowa, pamene mu 2019 anali 7,565.

Munthu amene anaona zoopsa kunkhondo, kaya ku Iraq kapena ku Afghanistan, nthawi zina amadwala matenda a maganizo otchedwa PTSD: amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, amakhala moyang'ana kukhomo, ndipo usiku zimene anaona zimabwerera m'maloto. Mowa umamugonetsadi msanga, koma umapondereza gawo la tulo limene munthu amalota, ndipo ukamatha m'magazi chakum'bandakucha malotowo amabwera mwamphamvu kuposa kale. Amadzuka thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda, n'kuganiza kuti mankhwala ake ndi botolo lina. Pa nthawi ya mliri panalibe ntchito yomudzutsa m'mamawa kapena mnzake woona kuti manja ayamba kunjenjemera.

Achibale ambiri amaganiza kuti kuthandiza n'kumulanda mowa tsiku limodzi, koma kwa munthu amene thupi lake linauzolowera zimenezi zikhoza kupha, chifukwa amatha kukomoka ngati wakhunyu, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu akhoza kusokonezeka mutu n'kumaona zinthu zimene palibe. Kusiya kumafunika dokotala woyang'anira, ndipo mowa ndi PTSD ziyenera kuthandizidwa pamodzi. Mu Marichi 2021 bungwe la boma loona za umoyo la NHS ku England linasonkhanitsa chithandizo cha maganizo cha asilikali opuma pansi pa dzina la Op COURAGE, kumene msilikali wopuma amatha kudzipereka yekha osadikira kalata ya dokotala.