Lady Jane Grey Sanaphedwere M'chipinda cha Mdima

Munthu amene waona chithunzi cha kuphedwa kwa Lady Jane Grey, chimene Paul Delaroche wa ku France anajambula mu 1833, angakhulupirire kuti mfumukazi ya ku England imeneyi, yomwe inalamulira masiku 9 okha, inaphedwera m'chipinda cha mdima. Zoona zake n'zakuti anaidula mutu panja, pabwalo la mkati mwa Tower of London, linga lachifumu limene linalinso ndende, pa 12 February 1554. Makoma akuda a m'chithunzicho Delaroche anangowapeka, patapita zaka 279, ndipo amachititsa kuti chovala choyera cha Jane chiwale kwambiri. Chimene sanapeke ndi manja a Jane ofufuza chipika chodulirapo mutu, pakuti zolembedwa za nthawiyo zimanena kuti atadzimanga nsalu kumaso, mtsikanayo anasowa pamene chipikacho chinali mpaka munthu wina anamulondolera.