Ana a ku Cambodia sanapulumuke nkhanza za mu 1975 mpaka 1979

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akunena kuti boma lachikomyunizimu la ku Cambodia linkangopha anthu ophunzira ndi olemera, koma ana ndi alimi a kumudzi linawasiya mumtendere. Zimenezi sizoona.

Pa 17 Epulo 1975, bomali litangolanda ulamuliro, anthu onse a mumzinda wa Phnom Penh, womwe ndi likulu la dzikolo, ngakhale odwala a m'zipatala, anathamangitsidwira kumidzi. Pofika Januwale 1979, pamene bomali linagwa, anthu pakati pa 1.5 ndi 2 miliyoni anali atafa, m'dziko lomwe linali ndi anthu pafupifupi 8 miliyoni. Ambiri anafa ndi njala, matenda ndi ntchito yakalavulagaga m'minda ya mpunga, ndipo alimi nawonso anafa. Ana ankalandidwa kwa makolo awo n'kuikidwa m'magulu ogwira ntchito, mabanja analetsedwa kuphika pawokha, ndipo achinyamata ankakakamizidwa kukwatirana ndi anthu osawadziwa. Chomvetsa chisoni kwambiri n'choti munthu akamuganizira kuti ndi mdani wa boma, kawirikawiri ankamupha pamodzi ndi ana ake poopa kuti adzabwezera akadzakula.

Aliyense angathe kudzionera yekha pa intaneti zithunzi za akaidi a kundende ya bomali yotchedwa Tuol Sleng, zomwe zina zikuonetsa amayi atanyamula makanda. Chonde, musanauze ena nkhani ngati imeneyi, funsani kumene yachokera, ndipo muiyerekezere ndi umboni womwe opulumuka anapereka kukhoti lomwe linazenga milandu atsogoleri a bomali komanso zomwe akatswiri a mbiri yakale analemba.