Roller kapena flat tappet: funsani kaye za oilo

Sabata silitha wina asanafike pa garaja kuno ku Chipata ndi funso lomwelomwelo: "Amisiri, pakati pa roller ndi flat tappet, camshaft yamphamvu ndi iti?" Funsoli landitopetsa, chifukwa wofunsayo sanaganizepo n'komwe za oilo amene adzathire, kapena za munthu amene adzalize injiniyo koyamba.

Camshaft ndi shafiti yokhala ndi zotukuka zotchedwa ma lobe, zimene zimakankha ma lifter kuti ma valve a injini atseguke. Roller ndi flat tappet ndi mitundu iwiri ya lifter, uliwonse ndi camshaft yake. Pa flat tappet, lifter imakhulana ndi lobe, chitsulo pa chitsulo. Kunsi kwa lifter n'kotukuka pang'ono ndipo lobe anaisema mopendekeka, kuti lifter izizungulira m'dzenje mwake. Ikangosiya kuzungulira, lobe yapita. Chimene chimaziteteza ndi ZDDP, zinc ndi phosphorus wa mu oilo. Koma mu oilo wopyapyala wa masiku ano, ngati 5W-30 wa API SN, phosphorus sapitirira 800 ppm (magawo 800 pa miliyoni), kuopa kuwononga catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi. Oilo ameneyo ndi wabwino pa motoka zatsopano, osati pa camshaft imene ikungoyamba ntchito mu injini yakale.

Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira bambo wina wa ku Katete, mwini Land Rover ya V8. Anagulitsa chimanga, naitanitsa camshaft yatsopano ku Lusaka. Makanika wa pansi pa mtengo anamuuza kuti ma lifter akale akadali bwino, asataye ndalama. Atamanga, anaisiya injini ikulira pa idle, osaponda mafuta, ola lathunthu, ati izolowere pang'onopang'ono. Apo ndi pamene anaiphera. Ma lobe amadalira oilo wowazidwa ndi crankshaft, ndipo pa idle amafika wochepa. Injini iyenera kulira msanga, muikweze pa 2,000 mpaka 2,500 rpm kwa mphindi 20 kapena 30, mukusinthasintha, ma lobe atapakidwa kale mafuta ake omangira. Ma lifter akhale atsopano, zimenezo sizokambirana.

Patapita masabata awiri bambo uja anamva "tiki-tiki" pamwamba. Anamuuza kuti athire oilo wolemera, phokoso litha. Anayendabe nayo mwezi wonse. Pofika kwa ine ma lobe awiri anali atasalala, zitsotso za chitsulo zitalowa mu ma bearing ndi mu pampu ya oilo, crankshaft itakandika. Akanabwera tsiku loyamba lija, crankshaft tikanaipulumutsa.

Roller ilibe mavuto amenewa. Ili ndi kagudumu kogubuduka pa lobe, imatsegula valve mofulumira, ndipo sifuna mwambo wa mphindi 20 uja. N'chifukwa chake Ford anayamba kuiika pa injini ya 5.0 HO mu 1985, Chevrolet pa injini ya small block mu 1987. Koma kuiika mu block imene sinapangidwire roller n'kodula: mufunika ma lifter a link bar, olumikizidwa awiriawiri kuti asatembenuke, ma pushrod aafupi, ma spring olimba, chogwira camshaft kuti isamayende chamtsogolo, ndi giya la distributor logwirizana ndi chitsulo chake. Chimodzi chikafa muli ku Lundazi, mudzadikira masabata.

Pa Land Cruiser ya injini ya 2F kapena Hiace ya 4Y yonyamula anthu ndi katundu, ine ndimabwezera flat tappet, ndi oilo wokhala ndi zinc wokwanira, ndipo injiniyo ndimailiza ndekha koyamba. Mphindi zija zikatha, ndimakhetsa oilo n'kudula fyuluta kuti ndione m'kati. Nanunso mukaona zonyezimira mmenemo, musaiyendetse ngakhale kupita ku Kapata, m'Chipata momwemuno.