Mwayezetsa, mulibe kachilombo. Nanga mukuwonderanji?

Pali yankho limodzi lomwe ndatopa kulimva m'chipinda choonera odwala. Munthu wamkulu amalowa malaya akumukhwepa, lamba ataboola chibowo china ndi msomali, masaya atalowa. Ndikafunsa kuti kuwondaku kudayamba liti, amayankha kuti: "Ayi adokotala, zimenezo zisakudetseni nkhawa, ndidayezetsa kale magazi, ndilibe kachilombo." Amanena mokhutira ndithu, n'kuyamba kufotokoza za chifuwa kapena m'mimba zomwe wabwerera. Kwa iye nkhani ya kuwonda idatha tsiku lomwe adalandira zotsatira zija.

Ndikudziwa kumene maganizo amenewa adachokera. Amene tidaona zaka za m'ma 1990, ma ARV aulere asanayambe mu 2004, tikukumbukira kuti kuwonda kunali ndi tanthauzo limodzi pamudzi, ndipo munthu akangotsika thupi anthu ankanong'onezana pachitsime. Mantha aja adatisiyira chizolowezi choti wowonda ali ndi funso limodzi lokha loti ayankhe. Kuyezetsa HIV n'koyenera, ndipo wowonda aliyense timamuyezanso ngakhale atati adayezetsa chaka chatha. Koma zotsatira zikasonyeza kuti mulibe, ndiye kuti tachotsapo matenda amodzi okha. Thupi likadali kutha, ndipo chikulithacho sitinachipeze.

Vuto loyamba n'loti akuluakulu sakwera sikelo. Kwathu kuno mawu oti "kusikelo" ndi a ana ndi amayi oyembekezera, moti abambo ambiri sadziwa n'komwe kuti amalemera bwanji. Maso sathandiza. Amene mumagona nawo nyumba imodzi amakuonani tsiku ndi tsiku, choncho saona kusintha. Amadzadabwa ndi mlamu wochokera ku Joni amene adakuonani komaliza pa Khirisimasi, ndipo pofika pamenepo miyezi yapita. Ife timawerengera motere: munthu amene sakufuna kuchepetsa thupi, sanasinthe kadyedwe, akatsika ndi magawo 5 pa 100 alionse a kulemera kwake m'miyezi 6 mpaka 12, ayenera kufufuzidwa. Wa makilogalamu 60 akafika pa 57, wafika kale pamenepo. Akatsika ndi magawo 10 pa 100, kufika pa 54, si za mawa ayi. Makilogalamu atatu saoneka pankhope, n'chifukwa chake ndimalimbikira za sikelo. Yezani pa sikelo imodzimodzi, mutavula nsapato ndi jekete, ndipo nambalayo ilembedwe m'buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi tsiku lake.

Munthu wochepa thupi chibadwire, amene sikelo yake ili pamodzimodzi chaka ndi chaka, sandidetsa nkhawa kwenikweni, ngakhale timayang'anabe ngati BMI yake, nambala yoyerekeza kulemera ndi kutalika kwa munthu, yatsika pansi pa 18.5. Amandidetsa nkhawa ndi mayi wonenepa amene anali pa 95 ndipo tsopano ali pa 84 popanda chomwe wachita, anzake a kumpingo akumuyamikira kuti wapepukidwa. Amene uja akudwala, ngakhale akuonekabe wathupi. N'zoona kuti mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitatha ndipo ntchito ya kumunda ili pachimake, anthu ambiri amatsika. Koma thupi limenelo limabwerera tikakolola. Likapanda kubwerera chakudya chilipo, musanamizire njala.

Sikelo payokha siitchula matenda. Timaiwerenga pamodzi ndi kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, kapumidwe ndi BP, zomwe ena amaziona ngati zongotayitsa nthawi pamzere. Wowonda amene thupi limatentha madzulo, usiku n'kumatuluka thukuta lonyowetsa zofunda, kaya akutsokomola kaya ayi, timayamba taganiza za TB. Inde, TB imagwira ndi anthu omwe alibe HIV, ndipo siikhala m'mapapo mokha. Timayeza makhololo pa makina a GeneXpert, nthawi zina kujambula pachifuwa, ndipo mankhwala ake a miyezi 6 ndi aulere m'zipatala za boma. Wowonda amene ludzu silimutha, amadzuka kangapo usiku kukataya madzi, pomwe wakodza pakuunjikana nyerere, ameneyo tikungofuna kadontho kamodzi ka magazi a pachala. Shuga wa m'magazi wofika 7.0 (pa muyezo wa mmol/L) munthu asanadye kanthu m'mawa, kapena 11.1 nthawi ina iliyonse pamodzi ndi zizindikirozo, akutiuza zomwe zikuchitika. Wina amadya kwambiri koma akuwondabe, mtima ukugunda kopitirira ka 100 pa mphindi ali chikhalire, manja akunjenjemera, kutentha sakupirira: apo timayang'ana chithokomiro. Mayi wowonda amene akutaya magazi akakhala malo amodzi ndi abambo, kapena wayambanso kutaya magazi atasiya kale kusamba, ayenera kuunikidwa khomo la chiberekero sabata yomweyo. Maganizo nawo amawondetsa, sindikukana, ndipo amafunika chithandizo chawochawo. Koma ife timafika pa maganizo titayeza zinazi, pomwe kunyumba amayambira pomwepo n'kuthera pomwepo.

Pali bambo wina amene mpaka lero nkhani yake imandiwawa. Anali kalipentala wa zaka za m'ma 50, ndipo adabwera ndi akazi awo atawonda ndi mutu womwe. Sikelo idati 44. M'thumba la pulasitiki adatulutsa mabuku a kuchipatala atatu, chifukwa kulikonse komwe ankapita ankagula latsopano. Nditawayala patebulo motsatira masiku, nkhani yonse inali pomwepo. M'buku loyamba 67, atapatsidwa mankhwala a zilonda za m'mimba. M'lachiwiri 61, mankhwala omwewo. M'lachitatu 53, ndi mavitamini. M'mabuku onse atatu munalembedwa kuti alibe HIV. Aliyense amene adawaona adangoona nambala imodzi ya tsiku limenelo, chifukwa buku lakale linali litatsala kunyumba.

Ndidafunsa mayiwo kuti abambo amadya bwanji. Adati: "Adayamba n'kumati nyama ikuwakhala pachifuwa apa. Kenaka nsima, mbamu iliyonse mpaka atsirepo madzi. Ndidayamba kuwaphikira yofewa, kenaka phala. Pano ndi thobwa lomwe likubwerera." Bamboyo anali atagwira kachitini kolavuliramo, poti ngakhale malovu ankawavuta kumeza. Aliyense wogwira ntchito m'chipatala m'dziko muno akamva mndandanda umenewu, nyama, nsima, phala, madzi, amadziwa chomwe akuopa. Malawi ali m'gulu la mayiko omwe khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo imayamba chonchi, mwakachetechete, popanda ululu woti munthu n'kuthamangira kuchipatala.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi miyezi ya pakati pa 61 ndi 44. Atamva kachiwiri kuti alibe kachilombo, akubanja adagwirizana kuti matendawa si a kuchipatala. Adapita kwa sing'anga amene adati bamboyo adadyetsedwa pa maliro ena, ndipo chomwe adadyacho chakhala pakhosi. Adawatemera mphini pachifuwa n'kuwapatsa mankhwala osanzitsa. Munthu amene chakudya chikulephera kale kutsika, ankamusanzitsa m'mawa uliwonse. Mbuzi ziwiri zidapita kumeneko, kenaka makina opalira matabwa. Titawatumiza kuchipatala chachikulu kuti akawaunike kum'mero ndi kapaipi ka kamera, chotupa chinali chitatseka njira pafupifupi yonse ndipo chitafalikira. Adawaika kachubu kotsegula njira kuti azitha kumwa phala, adalandira mankhwala oletsa ululu, ndipo adamwalira kwawo patangopita miyezi yochepa. Sindingakunamizeni kuti akadabwera msanga akadachira ndithu, chifukwa khansa imeneyi ndi yovuta ngakhale ikapezeka msanga. Koma munthu wa makilogalamu 61 ali ndi mphamvu zoti madokotala n'kuganizira opaleshoni kapena mankhwala a khansa. Wa 44 thupi lake silingapirire zimenezo. Ndipo mayi aja akadatsala ndi mbuzi zawo ndi makina aja, zoti alerere ana.

Tsono ndinene za anthu amene akudyera pa kuwonda kwa anzawo, chifukwa achuluka. M'misika, m'mabasi, pa WhatsApp ndi pa Facebook mwadzaza ogulitsa "mankhwala onenepetsa". Ena ndi mapiritsi ongoutsa chilakolako cha chakudya, monga cyproheptadine, amene sachiza chomwe chikumuwondetsa munthuyo. Oopsa kwambiri ndi a mtundu wa dexamethasone ndi prednisolone, omwe amagulitsidwa m'timapepala topanda dzina, nthawi zina atawapera n'kusakaniza m'mabotolo a "zitsamba". Munthu akamwa kwa masabata angapo nkhope imadzaza, mimba imatuluka, chakudya chimakoma, thupi limasiya kutentha, ndipo apabanja amati wachira. Yang'anani mikono ndi ntchafu zake: zikuphwa. Mankhwala amenewa amakweza shuga ndi BP, amafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo ngati pansi pake pali TB, imafalikira mosaonekera mpaka munthu adzagwe kamodzin'kamodzi. Ndi mankhwala abwino akaperekedwa ndi dokotala pa matenda ake, pa mlingo wake. Ngati mwakhala mukumwa kwa nthawi yaitali, musasiye mwadzidzidzi, chifukwa kuteronso n'koopsa. Bwerani nawo kuchipatala tikuchepetsereni pang'onopang'ono, ndipo musatibisire poopa kukalipiridwa.

Palinso aja oyenda ndi kamakina kogwiritsa m'dzanja, kolumikiza ku kompyuta, komwe amati kamaona matenda onse m'thupi pa mphindi ziwiri. Palibe makina otero. Pepala lomwe amakupatsani ntchito yake ndi yoti mugule mabotolo omwe ali m'chikwama chawo. Enanso amati "tikutsukeni m'thupi", n'kumupatsa munthu wowonda kale mankhwala otsegula m'mimba kwa sabata yathunthu. Odwala otere amafika kwa ife madzi atatha m'thupi, BP ili pansi, impso zitayamba kufooka, ndipo timayamba kulimbana ndi zomwe wawononga wotsukayo tisanafike n'komwe pa matenda enieniwo. Za mapemphero sindiletsa munthu, pempherani ndithu. Koma amene akukuuzani kuti mutaye mankhwala a TB, a shuga kapena ma ARV kuti muonetse chikhulupiriro, akukuikani pa ngozi ya imfa.

Kukwera kwa sikelo nako si nthawi zonse kuli kwabwino. Munthu akawonjezera makilogalamu 2 m'masiku atatu, amenewo ndi madzi, chifukwa mnofu sumera msanga chotero. Dinani ndi chala pamsongolo kwa kanthawi. Pakatsala kadzenje, nsapato zikuthina, usiku akulephera kugona chagada chifukwa chobanika, tiyenera kuona mtima, impso ndi chiwindi. Madzi amenewa amabisanso kuwonda: sikelo imaoneka ngati yaima pomwe munthu akutha.

Pali zina zosadikira n'komwe tsiku la kiliniki. Munthu wamkulu ali chikhalire amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi, ndipo mukhoza kuwerenga nokha poyang'ana chifuwa chake, wotchi ya pafoni ili m'manja. Akafika ka 25 kapena kuposa, akayamba kusokonezeka mutu kapena kungogona osadzutsika bwino, nambala yam'mwamba ya BP ikatsika pansi pa 90, akamasanza kapena kutsokomola magazi, akalephera kumeza madzi, pezani galimoto kapena njinga nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Musayambe mwaitana msonkhano wa banja kuti amalume avomereze.

Mukabwera, bweretsani mabuku onse a kuchipatala, akale ndi ong'ambika omwe, pamodzi ndi mankhwala onse amene mukumwa, a m'golosale ndi a kwa sing'anga omwe. Nenani poyera kuti "ndikuwonda", musadikire kuti tikufunseni, chifukwa pamzere wa anthu ambiri wokuonaniyo sakudziwa momwe munkaonekera chaka chatha. Pemphani kuti akukwezeni pa sikelo. Akakuyezani n'kunena kuti sanapeze kanthu, funsani tsiku loti mubwerenso, ndipo pasapitirire mwezi. Sikelo ikapezeka yatsikanso, pemphani kalata yopita kuchipatala chachikulu, ndipo mupite sabata yomweyo, musadikire kuti mugulitse kaye fodya kapena soya.